A Mphuno ndi Ramu ya Mkamwini Wawo

Mumsewu wa mashopu ang'onoang'ono, pakati pa mayi wosoka zovala ndi mkulu wometa tsitsi, panali kachipinda ka bambo wina wokonza makompyuta. Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Onse ankangoti a Mphuno, chifukwa ukawabweretsera kompyuta, asanagwire sikuludiraiva, ankayamba aweramira kumbuyo kwake, kumene kumatulukira mpweya, n'kununkhiza. Akatero ankadziwa ngati mwiniwake amasuta fodya, amaweta mphaka, kapena amadyera pakiyibodi.

Anali munthu wamtali, woonda, wokonda malaya oyera ositidwa bwino ngakhale ntchito yawo inali ya fumbi. Anayambira pa mawailesi, kenako makanema a chimsana chachikulu aja, mpaka kudzafika pa makompyuta. M'zaka zonsezo chimene anagwira n'chakuti makina safa okha, amaphedwa ndi uve wa eni ake. Ndiye anali ndi kachitidwe kawokawo. Patebulo pawo pankakhala mbale yoyera yadothi, ndipo chilichonse chimene atulutsa m'mimba mwa kompyuta ankachiika mmenemo, kaya ndi fumbi, tsitsi, zikhadabo kapena mazira a mphemvu. Mwiniwake akabwera kudzatenga katundu wake, ankayamba walandira mbale ija m'manja.

"Izi n'zanu," ankatero. "Ine sindisunga za eni."

Ena ankaseka, ena ankachoka nkhope ili pansi osadzabweranso. Mayi wosoka uja ankawachenjeza kuti, "Inu a Mphuno, mbale imeneyi idzakuthamangitsirani anthu onse, mudzatsala ndi mphemvu zanuzo."

Ndipo inawathamangitsiradi munthu. Mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, atangokwatiwa, mkamwini wawo anabweretsa laputopu kuti amuonere. A Mphuno anaikonza bwinobwino, koma mbale ija anapita nayo kunyumba n'kukaipereka kwa mkamwiniyo pamaso pa alendo, anthu akusamba m'manja kuti adye. Chichokereni tsiku limenelo mkamwini sanapondenso pakhomo pawo. Mwana wawo ankabwera mozemba, kenako anayamba kusowa, ndipo mdzukulu atabadwa a Mphuno ankangomuonera pafoni, kamunthu kochepa ngati chala.

Tsiku lina m'mawa akusesa pakhomo la shopu, anangoona mwana wawo waima, khanda lili kumsana. Pambuyo pake panali mkamwini, atakumbatira chikompyuta chakuda chagalasi mbali imodzi, cha anthu osewera magemu.

"Mwadzuka bwanji, bambo?" anatero mkamwini, maso ali pansi. Anachitsitsa patebulo n'kutuluka panja ngati wina wamuitana.

"Ababa, yasiya kuyaka," anatero mwana wawo motsitsa mawu. "Anzawo onse ailephera. Ndawakakamiza ndine kuti tibwere kuno." Kenako analoza mbale ija ndi mlomo. "Koma iyi ndisaione. Mukangowapatsa, ine ndi mwanayu simudzationanso. Ndikunenetsa."

"Nanga za eni ndizipititse kuti?"

"Mudye ngati mukufuna."

A Mphuno anaitana mkamwini kuti afotokoze chimene chinachitika.

"Magemu atsopanowa amadukiza, bambo," anatero. "Ukamathamanga chithunzi chimangoima, pomwe chiziyendanso akuwombera kale. Anzanga anati ramu ndi imene yachepa, ndiye ndinagula ina ndekha."

"Munaiika?"

"Inkavuta kulowa."

"Ndiye?"

"Ndinaithandizako pang'ono."

Atachoka onse, a Mphuno anawerama n'kununkhiza. Anadzuka msangamsanga. Munali thukuta, munali zakumwa zotsekemera zosasa, munalinso kafungo ka chinthu chofa. Koma pamwamba pa zonsezo pankamveka fungo lonunkhira limene iwo sanalimvepo mukompyuta chiyambire ntchito.

Anamasula galasi lija, limene mkati mwake linali litachita khungu moti sukanaona kanthu. Mafani anali atavala ubweya wotuwa ngati khoswe wokalamba. Pansi panali nyenyeswa za mabisiketi, kafupa ka nkhuku kolowera pabowo lakumbuyo, ndi kamtengo kathonje kotokosera m'khutu, kachikasu kumapeto konse kuwiri. A Mphuno anakanyamula ndi kapani kotolera tizinthu atatembenuzira nkhope kumbali.

Kenako anafika pa ramu. Ramu ndi timatabwa tating'ono totalika ngati chipeso, timene timalowa m'ngalande za pabolodi lalikulu. Ndi pamene kompyuta imayala zonse zimene ikugwira panthawiyo, ngati tebulo la mmisiri, ndipo pakachepa ntchito imapanikizana. Kunsi kwa kathabwa kalikonse kuli kamng'alu koyenera kukumana ndi kadzino ka m'ngalande. Bolodi la mkamwini linali la ramu ya mtundu wachinayi, iye anakagula ya mtundu wachisanu. Kamng'alu ndi kadzino sizikanakumana mpaka kalekale.

Apa m'pamene a Mphuno anaona thandizo lija. Mkamwini anali ataipaka ramuyo mafuta odzola onunkhira, aja amadzoza mwana, kuti iterere, n'kuikhomera ndi chinachake cholimba. Ngalande inang'ambika kumapeto. Mafuta aja anayenderera ndi kutentha, fumbi n'kumatirira ngati phala lakuda, ndipo timphemvu tating'ono tinali titamira mmenemo miyendo ili m'mwamba. Kamodzi kanali kakadagwedeza nyanga.

Anatuluka panja kukalavula.

"Mwapezamo chiyani?" anafunsa mayi wosoka, singano ili pakamwa.

"Dzala."

"Si ya akamwini anu imeneyi?"

"Mwana wanga amagona chipinda chimodzi ndi chimenechi, mayi. Mdzukulu wanga amapuma mpweya wake."

"Ndiye mbale lero idya bwino."

A Mphuno anabwerera mkati, namanga kansalu kumphuno. Anapukuta ndi burashi, anatsuka ndi sipiriti ndi thonje, anachotsa mafani n'kuwasambitsa limodzilimodzi. Mwa ngalande zinayi za pabolodipo, yoyamba inali itatheratu, koma zinazo zinapulumuka. Dzuwa likupendeka, mbale inali itadzaza mpaka kupanga kaphiri. Chiyambire anali asanaione itadzaza chonchi. Anainyamula, ndipo mawu oti akanene anali atafika kale pamilomo, okonzeka bwino, akuthwa. Anaima nayo pakhomo kanthawi. Kenako anazungulira kuseri kwa shopu, nakhuthulira zonse mubini, natsuka mbaleyo pampopi. Mumtima ankamva ngati mboni imene yauzidwa kuti ikhale pansi isanatsegule pakamwa.

Tsopano panatsala kusankha ramu. Pankhani imeneyi a Mphuno sankasunthika. Ankati timatabwa tiwiri tofanana, ta m'paketi imodzi, timaposa kamodzi kakakulu, chifukwa timagawana katundu. Ankakananso kusakaniza yakale ndi yatsopano. "Ukamanga ng'ombe yaulesi ndi yachangu pagoli limodzi," ankatero, "zonse zimayenda mwa yaulesiyo." Ndipo ankakonda yakuda bii, yopanda zokongoletsa. Ija yokhala ndi timagetsi pamsana, imene achinyamata amailirira, ankaitcha magetsi a m'bala. "Kuwala sikuthamangitsa gemu," ankawauza.

Anatulutsa paketi ya yakuda, ya mtundu wachinayi, magiga okwanira magemu a mkamwini. Koma inali paketi yomaliza, ndipo iwo sankatsegula paketi ya munthu pabolodi limene sanatsimikize kuti lili moyo. Ndiye anatenga yowala ija, imene wina anaisiya atasintha maganizo, kuti angoyesera. Anaona kaye ngati msinkhu wake sugunda chozizitsira cha pabolodi, naiika m'ngalande yachiwiri ndi yachinayi. Inalowa yokha, kuti khethe, popanda mafuta.

Atadina batani, mafani anazungulira, sikirini inayaka. Mkati monse munawala mbee. Ndipo pomwepo, pakati penipeni, panali tsitsi limodzi lopiringizika litagona pamene iwo anali atapukuta kale kawiri. Iwo, a Mphuno, tsitsi linawadutsa.

Analichotsa ndi kapani, naliyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ananso galasi lija, limene tsopano linali mbee ngati madzi. Paketi ya yakuda ija anaibwezera mudirowa. Timagetsi tija anatichotsa mitundu yonse yothwanima, yofiira ndi yobiriwira, nasiya kuwala koyera kokhakokha, kosabisa kanthu.

Anthu aja atabwera madzulo, maso a mwana wawo anathamangira pambale. Munali timasikuluwu tiwiri basi.

"Ramu yanu ija ndi ya mtundu wina," anatero a Mphuno kwa mkamwini. "Siikanalowa ngakhale mukanaipempherera. Ndipo zimene munaipaka zija..."

"Ababa."

"...zachoka. Ndakuikirani ziwiri zofanana. Yakale ija musaiphatikizepo."

Mkamwini anakhala pampando, natsegula gemu yake. Kamunthu ka pasikirini kanathamanga, kanalumpha khoma, kanatembenuka, osadukiza ngakhale pang'ono. Koma maso ake ankangobwerera pagalasi.

"Koma bambo, ndimamva kuti zowalazi mumadana nazo."

"Munthu amakula," anatero a Mphuno.

Mkamwini anawerama kuti aonetsetse, nagwira galasi ndi dzanja. Atalichotsa, zala zake zonse zinatsalira pomwepo, zonona, zowala bwino ndi magetsi oyera aja. Anadzidzimuka. Anakoka mpendero wa malaya ake n'kuyamba kupukuta, koma malayawo anali ndi zawo, ndipo anangopaka chimzere chamafuta kuchokera uku mpaka uko. A Mphuno anatseka maso. Atawatsegula anatenga kansalu koyera patebulo n'kumupatsa.

"Ndingapite nako, bambo?" anafunsa mkamwini, akupukutabe.

"Tengani tiwiri."

Mwana wawo anawayang'ana bambo akewo kwa kanthawi, ngati akudikira kuti mawu ena atuluke. Sanatuluke. Ndiye anamasula nsalu, natsitsa khanda lija.

"Mugwireni, ababa. Lamlungu tibwera kunyumba, tonse."

A Mphuno anapukuta manja pathalauza, nalandira mdzukulu wawo. Anali wolemera kuposa mmene ankaonekera pafoni. Mwachizolowezi anaweramitsa mphuno pamutu pake n'kununkhiza. Anali mafuta omwe aja. Timphemvu tija tinawabwerera m'maso, miyendo ili m'mwamba. Mwanayo anageya, nabweza mkaka paphewa la malaya oyera aja, nuyenderera mpaka m'thumba.

"Bweretsani ndimutenge," anatero mwana wawo, akufunafuna chopukutira.

"Musiye," anatero a Mphuno, akupumira kukamwa. "Ndamugwira bwino."