Agogo Anapezeka M'foni

Amayi anga anakula osawadziwa bambo awo. Agogo aamunawo anachoka ku Makanjira kupita ku migodi ya ku Joni amayi ali kumsana, ndipo sanabwerenso. Patapita zaka zitatu, munthu wina wochokera komweko anadzanena kuti mgodi unawakwirira. Shehe anawerenga dua ya maliro, ndipo agogo aakazi sanakwatiwenso mpaka kumwalira kwawo.

Amayi atayamba kudwaladwala ndinawatenga kuti tizikhala limodzi pa boma la Mangochi, kumene ndimaphunzitsa. Tsiku lina akusankha mpunga pakhonde anati, "Iwe umati m'fonimo muli chilichonse. Tafufuza kumene anawaika bambo anga. Ndingodziwako dzina la malowo basi."

Ndinayamba ndi mabuku akale a olembedwa ntchito ku migodi, amene anthu ena anawajambula n'kuwaika pa intaneti. Makalaliki a nthawi imeneyo ankalemba mayina a Chiyao mmene makutu awo amvera, moti dzina limodzi linkapezeka mitundu inayi. Mudzi sankalemba, ankangoti Nyasa. Ndinatha miyezi iwiri osapeza kanthu. Kenako mphunzitsi mnzanga anandilowetsa m'gulu la pa intaneti la zidzukulu za machona. Ndinalembamo dzina la agogo, la bambo awo, ndi la mudzi wathu.

Patatha sabata, mayi wina wa ku Joni anandilembera m'Chingerezi kuti amenewo ndi agogo ake. Anatumiza zithunzi ziwiri. China chinali cha nkhalamba yonenepa, yovala suti, itakhala pakati pa ana ake akuluakulu. China chinali cha manda a mwala wonyezimira, pamwamba pali mtanda. Nkhalambayo inamwalira ine ndili kale ku sekondale. Mayiyo anati agogo ankakonda kukamba za nyanja ndi chambo, koma mkazi kapena mwana wotsala kuno sanamutchulepo.

Ndinaisunga nkhaniyo masiku anayi, mpaka amayi anandifunsa okha. "Wapeza, eti? Ukundizemba."

Ndinawapatsa foni. Anayang'ana nkhalamba ija nthawi yaitali.

"Chipumi ichi n'cha mchimwene wako," anatero. Kenako anawerenga ana aja ndi chala. "Asanu ndi awiri. Onsewa anawaphunzitsa sukulu?"

Ndinati ndamva kuti awiri ndi anamwino, wina mphunzitsi. Amayi anga sanapondeko m'kalasi. Anayamba kuyanika usipa pathandala mano a mkaka asanaguluke onse.

"Mayi anga ankaphika sadaka chaka ndi chaka," anatero, "kupempherera munthu amene akudya nyama ndi mkazi wina."

Sanalire. Anandibwezera foni n'kukagona masana, nkhope atalozetsa kukhoma. Ine ndinatsala pakhonde ndikudzida chifukwa cha khama langa. Bodza la mgodi lija linawasunga bwino anthu awiri, agogo aakazi ndi amayi, ine n'kulichotsa ndi chala chimodzi.

Mayi wa ku Joni uja sanasiye kulemba. Ankanditchula m'bale, ankati akufuna kudzaona kwawo kwa agogo ake, ndipo anafunsa ngati kuli loji yabwino pafupi ndi nyanja. Nditawauza amayi anati, "Umuuze kuti abwere, nyanja si yathu. Koma kumudziko palibe amene akumudziwa munthu amene akuti ndi agogo akeyo."

Ndinamulembera mawu omwewo m'Chingerezi, osachotsapo ngakhale limodzi. Anawerenga, koma sanayankhenso.