Mapu a Dothi a Madamu Chikopa

Ndikukumbukira m'mawa wina wa chisanu ku Chisenga, nkhungu itafunditsa mapiri a Mafinga, ife ana a Sitandade 5 tikuponda dothi la pachulu kuseri kwa kalasi. Aphunzitsi athu, Madamu Chikopa, anali ochokera ku Mulanje. Chichewa chawo chinkangoyenderera, chathu chikupunthwa, moti teremu yonse tinkangowayang'ana kukamwa iwo akudzaza bolodi ndi mayina a mitsinje. Atapita kumaphunziro a aphunzitsi patchuthi, anabwerako ali munthu wina. Choko anachisiya pawindo. Anati tiumbe boma lathu lonse pansi, kuti tiziliyenda ndi mapazi.

Tinaumbadi. Mapiri a Mafinga ankandilekeza m'mawondo. Mitsinje tinaikumba ndi timitengo n'kumathiramo madzi a pamjigo, misewu tinaiwaza phulusa, Chitipa Boma chinali chitini chakale, mishoni ya Kaseye inali kamwala koyera. Ine ndinkakonda kuima pambali pa mapiriwo dzuwa likamatuluka, nthunzi ikufuka m'dothi lonyowa, n'kumadziona ngati kabawi woona dziko lonse ali m'mwamba. Ku Boma ndinali ndisanapondeko, koma tsiku lililonse ndinkapita ndi kubwerako belu lisanalire.

Makolo sanakondwe nazo. Mayunifolomu ankafika kunyumba ali matope okhaokha, sopo ali wosowa. Komiti ya sukulu inagwirizana zoti madamu achoke, kubwere wophunzitsa zenizeni, ndipo amene anatumidwa kukanena mawuwo anali bambo anga, a Simwaka, munthu wosaseka ndi mwana. Mtima unandipweteka. Madamu aja ndinkawakonda, koma pamaso pa bambo sindikanayerekeza kutsegula pakamwa.

Bambo anafika atavala jekete la kutchalitchi, natipeza tili pa mapu athu. Madamu anapinda mawondo.

"Monire, adada," anatero, ndipo Chitumbuka chawo chinathera pomwepo. "Ana andiuza kuti muli mnyamata munkapita ku Karonga wapansi. Ine njirayo sindiidziwa. Mungatiyendetseko?"

"Yayi, madamu, ine nabwera na nkhani yinyake," anayankha bambo.

Koma maso awo anali kale pansi. Anayang'ana mapuwo nthawi yaitali. Kenako anavula nsapato, kuopa kugumula phiri, n'kuponda pa Chisenga. Anayamba kuyenda pang'onopang'ono, ife tikuwatsata ngati anapiye. Apa, ankatero, tinkagona patsinde pa mkuyu. Apa tinkawoloka titasenza zovala pamutu. Apa mnzathu wina anataya thumba la mawere pothawa njati. Ankasakaniza Chichewa ndi chiyankhulo chakwathu, madamu akufunsa ngati mwana wa sukulu, ife tikuwamasulira. Chibadwire ndinali ndisanamvepo bambo akusimba nkhani, ndipo sindinkadziwa kuti nawonso anakhalapo mnyamata.

Atafika pamene dothi lathu linalekezera anaima, phazi lili m'malere.

"Karonga ali kuti?"

"Sitinafikeko, adada," anayankha madamu.

"Dziko silithera apa. Bweretsani khasu."

Ku komiti bambo anakangonena kuti munthu sachotsedwa pantchito imene sanaimalize. Nkhani inafera pomwepo. Madamu anakhala nafe zaka zambiri, ndipo kuyambira pamenepo ankaitana makolo kudzaphunzitsa zimene ankazidziwa, wina za njuchi, wina za mitengo ya m'phiri. Mapu aja anakokoloka ndi mvula yoyamba, koma sitinadandaule. Chaka chotsatira ena anaumba awo.

Lero nanenso ndine mphunzitsi, kufupi ndi Boma. Kumaphunziro amatiuza kuti mwana aphunzire pogwira ndi poona, ndipo ndimavomereza. Mapu ali pa foni tsopano. Mwana amangotambasula ndi zala, Karonga yemweyo, yunifolomu ili yoyera. N'zabwino ndithu, ndipo amayi sadandaulanso za sopo. Kungoti pa foniyo sindinaonepo kholo likuvula nsapato.