Kabokosi Kojambulira Mawu ndi Kwaya ya ku Chiwalo

Ndinabwera ku Phalombe kudzaphunzitsa kompyuta pa sekondale ina pafupi ndi Migowi. Kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo Chilomwe sindichimva. M'chaka changa chachiwiri, mayi wina wachikulire amene ankatsogolera kwaya ya amayi ku Chiwalo anamva kuti ndili ndi kabokosi kojambulira mawu, kolumikiza ku laputopu ndi nthambo ya USB. Anabwera kusukulu wapansi kudzandipempha kuti ndijambule nyimbo zawo za Chilomwe, poti oziimba bwino anali kutha. Ndinavomera mosaganizira kawiri.

Loweruka lina tinakumana m'tchalitchi mwawo. Tili pa nyimbo yachinayi, mayi wina anagunda tebulo povina, nthambo n'kugwedera. Laputopu inangouma. Nditaizimitsa n'kuiyatsanso, zonse tinajambula zinali zitatayika. Ndinapepesa, iwo anaseka, nati adzaimbanso.

Kabowo kolowetsa nthambo kanali kogwedera kale chifukwa choyenda ndi laputopuyo pa kabaza m'misewu yathuyi. Koma nthambo kuzuka si chifukwa choti kompyuta yonse iume. Vuto linali mu dalaiva, kapulogalamu kamene kamagwirizanitsa kompyuta ndi kabokosiko. Mizere ya malangizo imene imapanga dalaivayo aliyense amaloledwa kuiwerenga ndi kuisintha, choncho ndinaiwerenga masabata angapo ndikaweruka. Ndinapeza kuti nthambo ikazuka, mbali ina ya dalaivayo imathamangira kuchotsa malo osungira mawu, pomwe mbali inzake ikadalembabe mawu pamalo omwewo. Yolembayo ikamaliza msanga, zonse zimayenda bwino. Yochotsayo ikatsogola ngakhale pang'onong'ono, kompyuta imauma.

Kudziwa zimenezi sikunandithandize. Ndinkakhala m'chipinda cha aphunzitsi, kulowetsa nthambo, kuzula, kulowetsanso, mpaka anzanga anayamba kundifunsa ngati ndili bwino. Vutolo linkabwera likafuna. Nditawonjezera timizere tolemba chilichonse chochitika, linasowa. Sindinazindikire kuti timizereto tinkangochedwetsa mbali yochotsa ija. Ndinayesa ndapambana, ndipo ndinatumiza uthenga ku Chiwalo.

Ulendo wachiwiriwu ndinkasunga nyimbo iliyonse ikangotha, moti zitatu zinapulumuka. Ya pamaliro, yaitali, imene ankaifunitsitsa, ankaitsogolera mayi wokalamba wa ku Nazombe amene anachita kumunyamula pa njinga. Itatsala pang'ono kutha, nthambo inagwederanso, laputopu n'kuumanso. Nthawi iyi palibe anaseka.

"Yalowa?" anandifunsa mtsogoleri uja.

"Ayi, amayi. Koma ndikonza."

"Aphunzitsi, mvula yayandikira. Amayiwa sangasiyenso minda."

Ndinabwerera kukayesa njira ina, yoti mbali imodzi izidikira inzake imalize. Zotsatira zake, mbali zonse ziwiri zinayamba kudikirana mpaka kalekale, kompyuta n'kuuma ngati kale. Ndinalembera anthu akunja amene amasamalira dalaivayo. Mmodzi anandiyankha mwaulemu, kundipempha zolemba za kompyuta za nthawi imene yaumayo. Ndinamuuza kuti ikauma silemba kanthu. Sanayankhenso.

Mvula itatha ndinamva kuti mayi wa ku Nazombe uja ana ake anamutengera ku Mozambique atadwala. Mtsogoleri wa kwaya ndimakumana naye mumsika wa Migowi akugulitsa nandolo. Amandipatsa moni bwinobwino, n'kundifunsa za ana asukulu. Za nyimbo satchula, ndipo inenso ndilibe chomuuza.