Ndinali Mphuno ya Bambo Anga

Ndinali ndi zaka khumi pamene ndinalembedwa ntchito yanga yoyamba, ndipo ntchito yake inali yonunkhiza. Musaseke. Bambo anga ankakoka fodya wa m'mphuno chiyambire unyamata wawo, moti mphuno yawo inangotsala yokongoletsa nkhope. Ndiwo zikapserera, iwo ankamva za anthu. Tsono poti anali ndi kapikapu kakale kamene kankatidyetsa tonse kwathu kwa Kanduku, anati galimoto yokalamba imalankhula ndi fungo, ndipo pafunika wina womva chinenero chake. Wina wakeyo ndinali ine.

Sukulu ikatsekera ndinkakhala kutsogolo, pambali pawo. Ankanditchula kuti amayi, chifukwa anandipatsa dzina la mayi awo. Anandiphunzitsa mafungo amene iwo ankangowakumbukira: lamba wa injini akamaterereka amanunkha ngati tayala lootchedwa, mabuleki akagwira amanunkha moswa mphuno, waya akamapsa amanunkha ngati jumbo yagwera pamoto. Ndinkanyada nazo zedi. Anzanga ankadziwa fulaye, ine ndinkadziwa fungo la kilachi.

Chaka chimenecho manachesi anabereka mpaka nthambi kuthyoka. Mayi wina wa ku Limbe analonjeza kutenga athu onse, bola tifike dzuwa lisanafike pamutu. Tinayala udzu wouma pansi kuti zipatso zisaphwanyike, n'kusanja madengu mpaka pamwamba. Amalume a Fulansisiko, mchimwene wa mayi anga, ndiwo anamanga katunduyo ndi mphira zodula ku chubu, monga amamangira aliyense kwathu. Iwo anali munthu wachangu, wodya nsawa asanasende. Ananyamuka nafe.

Tinadutsa pa boma kukuzizira, m'galimoto monse muli fungo la manachesi. Titayamba kutsetsereka kulowera ku Shire, ndinamva kafungo kena pansi pa kununkhirako. Ndinadikira pang'ono, kuopa kuchita manyazi. Sikanachoke. Ndinawagwira bambo pamkono n'kuwauza kuti mphira ikupsa.

Amalume anaseka. Anati amenewo ndi mabuleki a mathiraki ochokera ku malire, msewu wonse umanunkha choncho pamtsetse, ndipo nthawi siili kumbali yathu. Kunena zoona, thiraki inali itangotidutsa kumene. Mtima wanga unagwa, ndinayamba kudzikayikira ndekha.

Bambo anangofunsa funso limodzi. “Amayi, fungolo latsala m'mbuyo kapena likuyenda nafe?”

Ndinatseka maso, n'kukoka mpweya. Ndinati likuyenda nafe.

Anapatuka pomwepo n'kuzimitsa injini. Anatsekula boneti, n'kudina lamba ndi chala: anali wolimba bwinobwino. Anayang'ana mawaya, osapeza wosungunuka. Anazungulira matayala onse akuyandikiza dzanja kuti amve ngati buleki lagwira, koma palibe limene linatentha kuposa linzake. Amalume anali akungoyang'ana dzuwa, uku akung'ung'udza kuti chaka chonse cha thukuta chithera pa mphuno ya mwana. Ine misozi inali pafupi. Ndinkalakalaka chinthu chitapezeka, chilichonse, ngakhale choipa.

“Alamu,” anatero bambo mofatsa, “fungo lili ndi kwawo. Sitichoka tisanakupeze.”

Ananditsogoza kuti ndizungulire galimoto ndikununkhiza ngati galu wosaka, iwo ali pambuyo panga. Kutsogolo kunalibe. Kumbuyo, mbali ya kumanzere, fungo linandiwomba. Bambo anavula jekete yawo yopitira ku tauni, n'kugona chagada pa fumbi, kulowa pansi. Posakhalitsa tinamva akuitanitsa madzi.

Nkhani inali iyi: pomanga katundu, amalume anasowa pokoleka mphira imodzi, ndiye anaikulunga ku chitsulo cha pansi, moyandikana ndi paipi ya ekizozi yotulutsira utsi. Paipiyo itatentha, mphira inayamba kusungunuka n'kumatirira. Pamwamba pake penipeni panali chibowo cha dzimbiri, ndipo udzu wathu woyala uja unali utatulukira pamenepo, nsonga zake zitada kale, zikufuka. Tikanangopita patsogolo pang'ono ndi mphepo ija, bwenzi tikukazinga manachesi, galimoto, mwinanso ife tomwe.

Bambo anathira madzi pa udzuwo, anadula mphira ija, n'kudikira paipi izizire kuti apale zomatirira ndi mpeni. Kenako anamanganso ndi chingwe cha khonje, kutali ndi moto. Sanawakalipire amalume ngakhale liwu limodzi. Amalumewo ndi amene anandisendera nachesi lalikulu n'kundipatsa ndi manja awiri.

Ku Limbe tinafika dzuwa litapendeka. Mayi uja anali atagula kwa ena. Zinandipweteka kwambiri, ndinkaona ngati ndine ndachedwetsa. Bambo anangotulutsa kabotolo kawo, n'kugogoda fodya pachikhatho, n'kunena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo: wogula wapita, koma manachesi tili nawo, galimoto tili nayo. Tinagulitsa pang'onopang'ono pamsika, ena anaola, ambiri anapita.

Kapikapu kaja kanatha kalekale, nkhuku zinkaikiramo mazira mpaka kanagulitsidwa ngati zitsulo. Bambo nawo anatisiya. Kwa zaka zambiri ndinkafotokoza nkhaniyi modzitama, kuti mphuno yanga inapulumutsa katundu. Pano ndikuona kuti mphuno aliyense ali nayo. Chosowa ndi munthu wamkulu wovomera pamaso pa mlamu wake kuti pali chimene iye sangathe kumva, n'kuimitsa ulendo wa chaka chonse chifukwa cha mawu a kamtsikana.

Tsiku lina ndikuyendetsa galimoto yanga kupita kumudzi, mwana wanga wamng'ono ananena kumbuyoko kuti kukununkha chinachake. Ine sindinamve kalikonse, komanso tinali titachedwa. Ndinangozindikira ndapatuka kale, ndikumufunsa ngati fungolo latsala m'mbuyo kapena likuyenda nafe.