Kukafuna Chilatini ku Nakatindi

Ndinanyamuka kwathu ku Nottie Broadie Loweruka m'mawa, buku la Chilatini lili m'pulasitiki. Mayeso a Giredi 12 anali pafupi, aphunzitsi athu anali atapita ku Botswana kukafuna malipiro abwino, ndipo mayeso oyeserera ndinali nditalephera mochititsa manyazi. Mnzanga wa kukwaya ndiye anandiuza za ba Mudenda, aphunzitsi opuma pantchito, okhala kumsewu wa Nakatindi.

M'tauni ndinakwera takisi yapagulu ya K500, chitseko chake chomanga ndi waya. Dalaivala ataona bukulo anafunsa ngati ndikufuna usisitere. Nditakana, anapukusa mutu.

"Manje chitundu cha bantu bakufa ni cha chani, ba sister?"

Nanenso ndinkadzifunsa zomwezo, kuti chilankhulo cha anthu akufa n'chachiyani.

Ndinafika dzuwa litakwera. Ba Mudenda anali pansi pa mtengo wa mango, maso oyera ndi ng'ala, osaona ngakhale chilembo chimodzi. Ndinakhumudwa, chifukwa ndinabwera kuti andilembere mayankho.

Anandiuza kuti ndiwerenge mokweza nkhani ya asilikali owoloka mtsinje, kenako ndimasulire. Apa ndiye ndinayerekedwa. Kumasulira konse kwa Chingerezi ndinali nditakukopera pamapepala n'kukuloweza ngati nyimbo ya kwaya, ndipo ndinalakatula osapuma. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati ndiyambire pakati pa tsamba. Sindinathe kumasulira ngakhale mzere umodzi.

"Mwana wanga, ba examiner sibayambila poyamba," anatero. "Yenda ukauze bamai bako aba story iyi mu Chinyanja. Bakamvela, ninshi waiziba."

Ankanena akazi awo, amene ankachapa kuseri kwa nyumba. Chilatini sankachidziwa, koma mafunso ngati apolisi. Asilikaliwo mtsinje anawoloka bwanji? Anatsala kutsidya ndani, ndipo anamusiyiranji? Funso lililonse linkandibweza kubuku kukafufuza liwu ndi liwu, thukuta lili kamukamu. Masana mayiwo anandipatsa chibwantu, thobwa la kumeneko, ndi mbatata yootcha, n'kunena kuti mkulu wa asilikaliyo anali wamantha chabe. Ndinawatsutsa, n'kuwalozera mzere wake. Ndi pamene ndinazindikira kuti ndayamba kumva zimene ndikuwerenga.

Cha m'ma folo ndinatsanzika. Ba Mudenda anandilangiza kuti ndiziwerenga pang'ono tsiku lililonse, mokweza, poyambira posinthasintha, ndipo ndizipeza munthu womufotokozera. Kenako anapempha mapepala anga a Chingerezi aja. Ndinaganiza kuti akufuna kuti ndiwawerengere, koma anangowapereka kwa akazi awo kuti akolezere mbaula.

Pobwerera ndinayenda wapansi mpaka m'tauni ndikulira ndi mkwiyo. Madzulo omwewo, posowa pogwira, ndinakhazika amayi anga pampando n'kuyamba kuwafotokozera za asilikali.

Pamayeso ndime imene anatipatsa inayambiradi pakati pa nkhani, ndipo ndinakhoza. Anthu awiri aja ndimawathokoza mpaka lero. Akanandimvera chisoni n'kundibwezera mapepala anga, ndikanalephera.