Tsiku limene anandiyeza mutu ndi tayi

Ndikukumbukira kuti pepalalo linali lofundabe, litangotuluka m'makina. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, pa sukulu ina ya ku Woolwich, mu mzinda wa London, ndipo mayeso omaliza anali atatsala miyezi isanu. Aphunzitsi a mbiri yakale anatigawira zolemba za azungu oyamba kufika kwathu ku Africa. Kutsogolo kunali mawu a m'busa wina, akuti anthu akuda ndife ana a Hamu, tinatembereredwa kuti tizitumikira anzathu. Kuseri kunali zigaza zitatu zojambulidwa, pamodzi ndi manambala a dokotala wina amene ankati ubongo wathu ndi wochepa. Aphunzitsiwo sankagwirizana nazo. Ankafuna tione mmene bodza limavalira kolala ya m'busa ndi jekete la dokotala. Koma anatuluka kukatenga mapepala ena, n'kutisiya tokha ndi zigazazo.

Darren, amene ankakhala kumbuyo kwanga, anavula tayi, nandikulunga nayo mutu, kenako anaiyala pa rula n'kulengeza nambala. Kalasi yonse inaseka, akuda anzanga omwe. Ndinamuswa mphuno ndi chigongono. Akuluakulu a sukulu anangomukalipira iyeyo. Ine anandipatsa kalata: ndikhale panyumba sabata imodzi, kenako ndibwere ndi kholo, ndidzapepese, apo ayi ndisabwerenso.

Ababa anabadwira pa famu ya fodya ku Zimbabwe, bambo awo atachokera ku Ntcheu. Ku London ankatsuka mabasi. Masana amenewo ndinkayembekezera lamba. M'malo mwake anawerenga kalatayo, anawerenga pepala lija mbali zonse ziwiri, kenako anatsitsa Baibulo lawo la Chichewa pamwamba pa firiji.

"Werenga nkhani ya Nowa ataledzera. Mokweza."

Ndinawerenga mopunthwapunthwa, pakuti Chichewa changa chinali cha kukhitchini.

"Wapeza pamene akunena za khungu?"

"Palibe."

"Bwereza."

"Palibe, Ababa."

"Mwini famu ankatiwerengera yekha nkhani imeneyi Lamlungu, ife titakhala pansi m'shedi ya fodya. Agogo ako anamwalira akukhulupirira kuti khungu lawo lili m'buku ili. Ine ndinaphunzira kuwerenga ndili ndi ndevu, ndinafufuza mwezi wathunthu. Mulibe. Ndiye Lolemba uvale tayi yako, tikapepese."

"Ndipepese ine? Munthu wandiyeza ngati dzungu pamsika?"

"Iwe Limbani, mpando wako ukuugula ndi mawu amodzi. Ndi wotchipa. Olemba pepala ili ankafuna chinthu chimodzi, kuti usakhale m'kalasi muja."

"Sindipita."

Lolemba Ababa anajomba kuntchito. Anavala suti yawo ya kutchalitchi, nakhala pa mpando pafupi ndi chitseko mpaka teni koloko. Ine ndinali nditadzitsekera kuchipinda. Sanagogode, sanaitane. Ndinangomva akuvula nsapato, imodzi, kenako inzake.

Makalata a kusukulu anabwerabwera mpaka anatopa. Mayeso sindinalembe.

Lero ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndimanyamula makatoni m'nyumba yosungira katundu, ndipo amene amandilamula ndi mwana wamng'ono kwa ine, kungoti ali ndi setifiketi. Asandiuze munthu za mphuno ya Darren, sindiimvera chisoni. Chimene chimandidya m'kati n'china. M'busa uja ndi dokotala uja anaola kalekale, analibe manja oti andichotsere pa mpando. Ntchito yawo ndinawagwirira ndine, kwaulere, ndikuyesa ndikuwakhaulitsa. Ababa anafufuza mwezi wathunthu kuti atsimikize kuti temberero la khungu mulibe m'buku, ndipo mwana wawo ananyamukabe kukatumikira.