Moni wanga ndi makina a aneba

Tsiku loyamba kufunsa nzeru pa intaneti ndinayamba ndi moni. M'kabokosi kofufuzira ka pa foni ndinalemba m'Chingelezi changa chotola m'manyuzipepala okulungira usipa kuti ndine bambo wa ku Mulanje, ndili bwino kaya iwo, ndipo ndikupepesa powasokoneza. Vuto lenilenilo ndinaliika kumapeto, monga munthu woleredwa bwino. Foni inandibweretsera zitsanzo za makalata opepesa ndi zithunzi za phiri lathu lomweli, limene ndimaliona ndikamatsuka mkamwa.

Vutolo linali la aneba anga, atelala osokera pa khonde la sitolo ina pa Chinakanaka. Makina awo anayamba kupiringiza ulusi kunsi kwa nsalu, sukulu zili pafupi kutsegulira, mayunifolomu ali mulu. Wokonza makina anali atapita kumaliro ku Mozambiki. Makolo ena anali atanena kale kuti atenga nsalu zawo apite nazo kwa atelala a pa Chonde. Tsono ine, wodziwika kuti ndimawerenga, ndinadzipereka.

Aneba anapempha kuti ndiwamasulire zomwe ndinalembazo. Anaseka mpaka kuvula chisoti.

Ndinakhala pa benchi yawo nkuyamba kudula mawu. Moni ndinachotsa, Mulanje ndinachotsa, mtima ukuwawa. Ndinasiya mawu oti makina osokera basi, koma apo kunabwera amalonda okhaokha. Nditawonjezera dzina ndi nambala zolembedwa pa makinawo, kenako chimene akuchita, ulusi kupiringizana kunsi, mayankho anayamba kulunjika. Loyamba sindinalikhulupirire, ndinatsegula angapo kuti ndione ngati akugwirizana. Onse ankati ulusi ukapiringizana kunsi, kawirikawiri wolakwa ndi wa pamwamba. Pomwe Chingelezi chinandikulira ndinasankha kanema, tinaonera limodzi mitu itagundana.

Pakati pa timbale tomwe timapana ulusi wa pamwamba tinapezapo thonje la nsalu litaundana. Aneba analitokosola ndi singano, nalowetsamo ulusi, naponda makina. Msoko unatuluka woyera mbali zonse. Mayunifolomu onse anawasoka okha.

Mpaka lero ndimafufuza choncho, mawu ochepa, chinthucho ndi chimene chikuchita, ngakhale chala chimayabwabe kulemba zikomo.

Titakonza makina aja, m'mawa mwake ndikudutsa pakhomo pawo maso ali pa foni, aneba anandiitana.

“Aneba, mwadzuka bwanji? Moni munachotsa dzulo uja musamutaye, muzibwera naye kuno. Ife timayankha.”